Maligi awiri akuluakulu m'dziko limodzi: mkangano wa MLS ndi USL wagona pati?

Wowerenga wina wa ku Mzuzu wafunsa kuti: "Ndamva kuti ku America a USL akufuna kuyambitsa ligi yawoyawo ya Division One pomwe MLS ilipo kale, ndipo akuti anthu akukangana za kukula kwa mizinda imene matimu akuchokera. Zingatheke bwanji dziko limodzi kukhala ndi maligi akuluakulu awiri? Nanga chiwerengero cha anthu a mumzinda chikukhudzana bwanji ndi mpira? Ine ndimadziwa kuti timu ikapambana imakwera, ikalephera imatsika, basi."

Zikomo kwambiri achimwene. Zimene mukudziwazo ndi zoona pafupifupi kulikonse kumene mpira umaseweredwa, koma ku United States anaziyala mwina. Kumeneko dzina loti Division One ndi chiphaso. Bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo, US Soccer, limachipereka kwa ligi yathunthu ikakwaniritsa zimene bungwelo linalemba pa pepala, ndipo pa pepalapo palibe pamene pakunena kuti chiphasocho chizikhala ndi ligi imodzi yokha. Ndiye mkangano umene mwaumvawu, wa pakati pa Major League Soccer (MLS), ligi yaikulu ya abambo kumeneko, ndi United Soccer League (USL), bungwe loyendetsa maligi a pansi pake, ndi wolimbirana chiphaso, mizinda, ndi ndalama zimene zimatsatira ziwirizi. Mpira weniweni wa pa bwalo umabwera pambuyo.

Zofunikazo, monga anazikhwimitsira mu 2014, n'zoti ligi ya abambo yofuna kutchedwa Division One iyambe ndi matimu osachepera 12, ndipo pofika chaka chachitatu akhale 14. Matimuwo amwazikane kummawa, pakati ndi kumadzulo kwa dziko, poti dzikolo n'lalikulu moti nthawi ya ku New York ndi ya ku Los Angeles zimasiyana ndi maola atatu. Bwalo lililonse likhale lotchingidwa, la mipando yosachepera 15,000. Timu iliyonse ikhale ndi mwini wamkulu amene chuma chake n'chosachepera madola 40 miliyoni, ndipo eni ake onse akaphatikiza chuma chawo chifike madola 70 miliyoni. Kenako pali ndime imene mwafunsayo: matimu atatu mwa anayi alionse akhale m'mizinda imene anthu ake, kuwerengera ndi madera ozungulira, amafika 1 miliyoni. Kwa Division Two ziwerengerozi zimatsika: anthu 750,000, mipando 5,000, mwini wa chuma cha madola 20 miliyoni.

Kuti muone kulemera kwa ndime imeneyi, kumbukirani kuti pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 990,000 ndipo wa Blantyre unali ndi 800,000. Inu a kumpoto mwaonapo Chitipa United ndi Karonga United akulowa mu Super League chifukwa chopambana masewero a m'chigawo, popanda wofunsa kuti pa boma la Chitipa pamakhala anthu angati. Ku Spain tawuni ya Vila-real ili ndi anthu pafupifupi 50,000 okha, koma timu yake, Villarreal, inatenga chikho cha Europa League mu 2021 itagonjetsa Manchester United pa mapenate. Ligi yodzaza ndi matimu otere sikanapatsidwa chiphaso ku America ngakhale mpira wake ukanakoma chotani.

Musafulumire kunena kuti anthuwa ndi ouma mtima chabe. Malamulowa anawalemba atatopa ndi kuika maligi m'manda. Mu 1928 American Soccer League, imene inali yamphamvu kummawa kwa dzikolo, inakangana ndi bungwe la dziko pa nkhani ya chikho cha National Challenge Cup. Ligi inaletsa matimu ake kulowa m'chikhocho. Matimu atatu, kuphatikizapo Bethlehem Steel, anakana kumvera. Ligi inawaimitsa, bungwe nalo linaimitsa ligi yonse n'kuthandiza kukhazikitsa ina yopikisana nayo. Anadzagwirizana mu Okutobala 1929, mwezi womwewo umene chuma cha America chinagwa chagada, ndipo pofika 1933 ligiyo inali itatha. Mu 1967 zinabwerezanso. Maligi awiri anayamba chaka chimodzi: United Soccer Association yokhala ndi chilolezo cha bungwe, ndi National Professional Soccer League yopanda chilolezo koma yokhala ndi mgwirizano ndi wailesi ya kanema ya CBS. Onse awiri anataya ndalama, anaphatikizana n'kupanga North American Soccer League, mwachidule NASL, imene inayamba mu 1968 ndi matimu 17. Chaka chotsatira anatsala 5.

NASL ija inadzadzuka Pelé atasaina ndi New York Cosmos mu 1975. Mu Ogasiti 1977 anthu 77,691 anadzaza Giants Stadium kudzaonera Cosmos, ndipo mu 1978 ligi inakula kufika matimu 24. Aliyense ankafuna kukhala Cosmos, n'kumagula akatswiri a ku Ulaya ndi ku South America ndi ndalama zimene pakhomo panalibe. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Nyengo ya 1984 inaseweredwa ndi matimu 9 okha, ndipo inali yomaliza. Kuyambira pamenepo aliyense woyendetsa mpira ku America wakhala ndi mantha amodzi: timu imene ikusewera lero, mawa yatseka, osewera osalipidwa, masapota atagula kale matikiti a chaka chonse.

MLS inabadwira m'mantha amenewa. FIFA itapereka World Cup ya 1994 ku America mu 1988, inati dzikolo likhazikitse ligi yaikulu. Mu Disembala 1993 US Soccer inasankha pakati pa magulu atatu amene ankafuna udindowu, ndipo inatenga ndondomeko ya Alan Rothenberg, amene panthawiyo analinso pulezidenti wa US Soccer yomweyo. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa madandaulo onse a pambuyo pake amabwerera pa ubale wa bungwe ndi mwana wake uyu. MLS inayamba mu 1996 ndi matimu 10. Anaimanga ngati kampani imodzi: osewera amasaina ndi ligi, ndipo amene timawatcha eni matimu kwenikweni ndi ogawana umwini wa kampaniyo, aliyense n'kupatsidwa mzinda wake woti aziyendetsamo timu. Palibe kutsika, palibe kukwera. Nayonso inatsala pang'ono kufa. Mu Januwale 2002 inatseka Miami Fusion ndi Tampa Bay Mutiny, ndipo panali nthawi imene mpondamatiki mmodzi, Philip Anschutz, ankasenza yekha matimu 6 mwa 10. Anthu amenewa anataya ndalama zambiri kwa zaka zambiri, ndipo zimenezi ine ndimawapatsa nazo ulemu.

Koma taonani mtengo wolowera. Toronto FC, imene inayamba kusewera mu 2007, inalipira madola 10 miliyoni. New York City FC ya 2015 inalipira 100 miliyoni. Charlotte FC ya 2022 inalipira 325 miliyoni. San Diego FC, timu ya nambala 30 imene inalowa mu 2025, inalipira 500 miliyoni. Chimene anthuwa amagula ndi mpando umene palibe angawachotsepo, kaya timu iluze masewero onse a chaka. Munthu wotulutsa 500 miliyoni simungamuuze kuti chaka chamawa atsike akasewere ndi timu ya pa bwalo la mipando 5,000. Komanso mtengo wa mpandowo umakwera chifukwa mipando ndi yowerengeka ndipo wogulitsa ndi mmodzi. Ligi ina ikapatsidwa chiphaso chofanana, pa msika pamakhala pabwera wogulitsa wachiwiri wa katundu wa dzina lomwelo. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Nanga kukula kwa mzinda kukulowapo bwanji? Ndalama zazikulu za masewero ku America zimachokera ku makampani a kanema ndi otsatsa malonda, ndipo iwowa amawerenga nyumba zimene zingaonere. Mu 2022 MLS inasainirana ndi Apple mgwirizano umene unalengezedwa kuti ndi wa zaka 10, wa madola 2.5 biliyoni. Wogula wotere amafuna New York, Los Angeles, Chicago, Atlanta. Palinso chikhalidwe cha masewero a kumeneko, chochokera ku baseball, choona ligi yachiwiri ngati khola lolereramo ana a matimu akuluakulu, losayenera kuikapo mtima. Choncho mwini timu akapita ku khonsolo ya mzinda kukapempha malo omangapo bwalo, kapena ku banki kukapempha ngongole, kapena ku kampani kuti iike dzina pa jezi, funso loyamba limakhala lakuti, kodi ligi yanuyo ndi yaikulu kapena yaing'ono? Liwu limodzi la pa chiphaso limatsegula kapena kutseka zitseko zonsezi.

Oyamba kugogoda mwamphamvu anali a NASL yatsopano, imene inangotenga dzina la yakale ija. Eni matimu ena anapanduka kuchoka ku USL mu 2009, ndipo ligi yawo inayamba mu 2011 ndi chiphaso cha Division Two. Iwo ankati timu iliyonse izidziimira payokha, izigula osewera mmene ingathere, monga zimakhalira ku Ulaya. Cosmos inaukitsidwa n'kulowa mu 2013, inabweretsa Marcos Senna, kenako Raúl wa Real Madrid uja. Koma Raúl ankasewera pa bwalo la yunivesite ya Hofstra, kunja kwa mzinda, la mipando yosakwana 12,000. Mu 2015 NASL inapempha chiphaso cha Division One. Chaka chomwecho kunatuluka chikalata choonetsa kuti US Soccer ikuganiza zokweza zofunika zija: matimu 16, mizinda ya anthu 2 miliyoni. Kwa a NASL uku kunali kukweza mpanda munthu atathamanga kale kuti alumphe. Maganizowo sanadzavomerezedwe, koma kukhulupirirana kunathera pomwepo, ndipo mu Malichi 2016 pempho lawo linakanidwa.

Dandaulo lawo linali ndi maziko. Kampani ya Soccer United Marketing, ya eni MLS, ndi imene inkagulitsa ufulu woonetsa masewero a timu ya dziko pamodzi ndi a MLS, mpaka kumapeto kwa 2022. Don Garber, mkulu wa MLS kuyambira 1999, analinso m'bodi ya US Soccer. Sunil Gulati, pulezidenti wa US Soccer kuyambira 2006 mpaka 2018, anakhalapo wachiwiri kwa mkulu wa MLS. Komanso MLS yomweyo sinkakwaniritsa zonse nthawi zonse: San Jose Earthquakes inasewera kuyambira 2008 mpaka 2014 pa bwalo la mipando yongopitirira pang'ono 10,000, chiphaso cha ligi osagwedezeka. Woimbira akamadyera mbale imodzi ndi timu ina, ngakhale aimbe mwachilungamo chotani, winayo sadzakhulupirira.

Komabe NASL inali ndi zilonda zakezake. Imodzi mwa makampani amene anaiyambitsa ndi kuithandiza ndi ndalama inali Traffic Sports, ndipo mu Meyi 2015 mkulu wa nthambi yake ya ku America, Aaron Davidson, amene analinso wapampando wa bodi ya NASL, anazengedwa pa mlandu waukulu uja wa ziphuphu za ku FIFA. Pambuyo pake anavomera kulakwa. Matimu amphamvu ankathawa mmodzimmodzi: Montreal inapita ku MLS mu 2012, Minnesota mu 2017, pomwe Tampa Bay Rowdies ndi Ottawa Fury anasamukira ku USL. Mu 2017 ligi inatsala ndi matimu 8 pomwe lamulo la Division Two linkafuna 12. Mu Sepitembala chaka chomwecho US Soccer inakana kuipatsanso ngakhale chiphaso chachiwiricho.

Chithunzi chimene sindichiiwala ndi cha pa 12 Novembala 2017 pa Kezar Stadium ku San Francisco. San Francisco Deltas, timu ya chaka chimodzi chokha, inagonjetsa Cosmos 2-0 m'ndime yomaliza n'kunyamula chikho cha ligi pamaso pa anthu oposa 9,000, gulu lalikulu kuposa limene linkabwera chaka chonsecho. Pasanathe milungu iwiri timuyo inatsekedwa. Anyamata amene anavina ndi chikho usiku umenewo anadzuka ali opanda ntchito, ndipo masewero amenewo anali omaliza a NASL.

Mlandu umene NASL inakasuma ku khothi la ku Brooklyn mu Sepitembala 2017, wonena kuti US Soccer ndi MLS anapangana kutsekereza opikisana nawo, unadzamvedwa mu Januwale 2025. Ndalama zimene ankafuna zikanatha kufika madola 500 miliyoni. Pa 3 Febuluwale 2025 gulu la anthu wamba loweruza mlanduwo linagamula mokomera US Soccer ndi MLS. Maganizo anga ndi akuti NASL ikanafabe ngakhale ikanapatsidwa chiphaso, chifukwa matimu ake ambiri analibe mabwalo awoawo ndipo eni ake sankagwirizana. Koma funso limene inafunsa, loti kodi wolemba malamulo angakhalenso mnzake wa bizinesi wa mmodzi mwa opikisana, silinafe nawo.

Patangotha masiku 10 chigamulocho chitaperekedwa, pa 13 Febuluwale 2025, USL inalengeza kuti ikufuna kuyambitsa ligi ya abambo ya Division One cha m'ma 2027 ndi 2028. Mwezi wotsatira eni matimu ake anavota kuti m'maligi awo mukhale kukwera ndi kutsika, chinthu chimene sichinachitikepo m'maligi a akatswiri a masiku ano ku America. Muzindikire kuti malamulo a FIFA sawakakamiza a MLS kuchita zomwezi. Eni Miami FC ndi Kingston Stockade, matimu a kunja kwa MLS, anayesa kuwakakamiza kudzera ku khothi la zamasewero la ku Lausanne, ku Switzerland, mu 2017, ndipo mu 2020 analuza.

USL ndi yosiyana ndi NASL ija, ndipo ndikuona kuti mwayi wake wopeza chiphaso ndi waukulu. Yakhala ikumanga pang'onopang'ono. Kuyambira 2013 inali bwenzi la MLS, matimu a achinyamata a MLS ankasewera m'ligi yake, mpaka pamene MLS inayambitsa ligi yakeyake yaing'ono, MLS Next Pro, mu 2022 n'kuwatenga. Ili ndi ligi ya Division Two ya matimu oposa 20, ndi ina ya Division Three pansi pake. Ndipo ndime ya mizinda ija kwa iwo si mpanda wautali. America ili ndi madera a mizinda oposa 50 okhala ndi anthu opitirira 1 miliyoni. Mwa matimu 30 a MLS, atatu ali ku Canada, awiri ali ku New York, awiri ku Los Angeles, ndiye kuti MLS yafika m'madera 25 okha a United States. Phoenix, dera la anthu pafupifupi 5 miliyoni, ilibe timu ya MLS. Detroit, ya anthu oposa 4 miliyoni, ilibe. Chimodzimodzi Tampa, San Antonio, Pittsburgh, Sacramento, Las Vegas, Indianapolis ndi Louisville, ndipo m'mizinda yonseyi muli kale matimu a USL.

Ponena za funso lanu loyamba, zakuti maligi awiri a Division One angakhalepo bwanji, zinachitika kale ku mpira wa amayi, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza. Mu Febuluwale 2024 US Soccer inapereka chiphaso cha Division One kwa USL Super League, imene inayamba mu Ogasiti chaka chomwecho ndi matimu 8, pomwe ligi ina ya amayi, National Women's Soccer League (NWSL), inali nacho kale. Pa pepala maligi awiriwa ndi ofanana. Koma dzifunseni kuti Temwa Chawinga akusewera kuti. Ali ku Kansas City Current ya mu NWSL, kumene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 m'ligi, chiwerengero chimene panalibe anachifikapo, n'kusankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa chaka. Barbra Banda wa ku Zambia, amene anagoletsa chigoli chopatsa Orlando Pride chikho cha chaka chomwecho, alinso mu NWSL. Akatswiri amatsata malipiro, malipiro amatsata ndalama za kanema, ndipo aliyense amadziwa ligi yaikulu kuti ndi iti popanda kuona chiphaso. Kwa abambo zidzakhala chimodzimodzi. Lionel Messi anapita ku Inter Miami mu 2023, ndipo kwa zaka zambiri zikubwerazi palibe timu ya USL imene ingalipire wosewera wa msinkhu umenewo.

Vuto lenileni la USL ndi mabwalo. Walira mvula walira matope. Louisville City, imodzi mwa matimu oyendetsedwa bwino kwambiri, inatsegula bwalo lake mu 2020 ndi mipando yosakwana 12,000. La Pittsburgh Riverhounds linamangidwa laling'ono, ndipo atalikuza linafika pa anthu ngati 5,000. Detroit City FC yakhala ikusewera pa Keyworth Stadium, bwalo lakale la m'ma 1930 limene masapota anasonkha ndalama zoposa madola 700,000 kuti alikonze mu 2016. Ndi malo a phokoso, utsi wamitundu ndi ng'oma kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma salowa anthu 8,000. Timuyi inalengeza zomanga latsopano la anthu 15,000, ndipo Sacramento nayo ili pa ntchito yomweyo. Kuti matimu 12 akhale ndi mabwalo otere nthawi imodzi pafunika ndalama zochuluka kwambiri, ndipo pamenepa ndi pamene ndondomeko yonse ingachedwe.

Pali mfundo ina imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, ndipo ndi imene funso lanu laloza. Kukwera ndi kutsika sikugwirizana ndi ndime ya mizinda. Tiyerekeze ligi ya matimu 12. Lamulo likuti 9 akhale a m'mizinda ya anthu 1 miliyoni, ndiye mipata ya matimu a m'mizinda yaing'ono ndi itatu yokha. Nanga timu yachinayi ya mzinda waung'ono ikapambana ligi ya pansi mwachilungamo, mudzaiuza chiyani? Kuti ibwerere chifukwa kwawo anthu sanabereke mokwanira? Kapena ligi yonse itaye chiphaso chifukwa cha kupambana kwa timu imodzi? Chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kugonja, lamulo la chiwerengero kapena lonjezo la kukwera.

Ine ndikuti ligonje ndi lamulo la chiwerengero, chifukwa limayeza chinthu cholakwika. Dera la Albuquerque silinafike anthu 1 miliyoni pa kalembera wa 2020, koma New Mexico United m'chaka chake choyamba, 2019, inkakoka anthu oposa 12,000 pa masewero alionse, kuposa timu ina iliyonse ya USL, ikusewera pa bwalo lobwereka la baseball. Ku Chattanooga, dera la anthu ongopitirira theka la miliyoni, anthu 18,227 anabwera kudzaonera ndime yomaliza ya ligi ya osalipidwa mu 2015. Tsono yerekezerani ndi Chivas USA, timu ya MLS ya ku Los Angeles, dera lachiwiri kukula m'dziko lonse. Mu 2014 inkasonkhanitsa anthu pafupifupi 7,000 okha, ndipo kumapeto kwa chakacho inathetsedwa. Chimene chimasunga timu ndi anthu amene amaiona kuti ndi yawo, bwalo limene silingalandidwe, ndi mwini amene angalipire osewera mwezi uliwonse. Malamulo ofuna umboni wa chuma ndi chikole cha ndalama ndimawavomereza ndi mtima wonse, chifukwa amateteza anyamata ngati a Deltas aja. La chiwerengero cha anthu limateteza wogulitsa malonda pa kanema.

Pa nkhondo yolimbirana mizindayi ovulala amakhala masapota. MLS italengeza mu Meyi 2023 kuti ikubwera ku San Diego, timu ya USL ya mumzindamo, San Diego Loyal, imene Landon Donovan, katswiri wakale wa timu ya dziko la America, anathandiza kuyambitsa, inatseka kumapeto kwa chaka chomwecho. Saint Louis FC inatseka mu 2020 MLS itapereka timu ku mzinda womwewo. Sacramento inalonjezedwa malo mu MLS mu Okutobala 2019, anthu anasangalala m'misewu, koma mu Febuluwale 2021 mpondamatiki amene amayenera kulipira anabwerera m'mbuyo ndipo malowo anapita. USL nayo si yoyera m'manja. Mu 2019 inaika timu yake, Chattanooga Red Wolves, mumzinda umene Chattanooga FC inali itaulima kale kwa zaka 10, ndipo masapota kumeneko anakwiya monga mmene a ku San Diego anadzakwiyira. Aliyense amachitira wamng'ono zimene wamkulu akumuchitira.

Zoterezi si zachilendo kwenikweni kwa ife otsata mpira wa ku South Africa. Bidvest Wits, imene Gabadinho Mhango anatenga nayo ligi mu nyengo ya 2016/17, inagulitsa malo ake mu PSL mu 2020 itakhala zaka 99, ndipo Bloemfontein Celtic, imene anafikirako atachoka ku Malawi, inagulitsa ake mu 2021. Malo a m'ligi akasanduka katundu wa pa msika, timu imatha kusowa pa tebulo popanda kugonja pa bwalo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America dongosolo lonse linamangidwa pa maziko amenewa kuyambira tsiku loyamba.

Mukafuna kuona maligi awiriwa akukumana pa udzu, malo ake ndi amodzi okha, chikho cha US Open Cup. N'chikho chomwe chija cha National Challenge Cup chimene chinayambitsa nkhondo ya 1928, chinangosintha dzina, ndipo ndi khomo limene timu ya kunja kwa MLS ingalowere ku mpikisano wa matimu a chigawo cha CONCACAF, cha maiko a ku North America, Central America ndi Caribbean. Mu Disembala 2023 MLS inalengeza kuti izitumizako matimu a achinyamata m'malo mwa akuluakulu. US Soccer inakana, ndipo atakambirana, matimu 8 okha a MLS ndi amene analowa mu 2024. Zimenezi zinandipweteka, chifukwa chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo chikhochi chinali chitaonetsa chifukwa chake chilipo. Mu 2022 Sacramento Republic, yomwe ija inalandidwa malo, inatulutsa San Jose Earthquakes, inapita ku Los Angeles n'kukagonjetsa LA Galaxy 2-1, ndipo m'ndime ya matimu anayi inalimbana ndi Sporting Kansas City kwa mphindi 120 popanda chigoli, pa bwalo lake laling'ono lodzaza thothotho, n'kupambana pa mapenate. M'ndime yomaliza inagonja 3-0 kwa Orlando City, zigoli zonse zitabwera kumapeto kwa masewero miyendo itatopa.

Timu yomaliza ya kunja kwa MLS kutenga chikhochi ndi Rochester Raging Rhinos, mu 1999, itatulutsa matimu anayi a MLS motsatizana. Panthawiyo inkakoka anthu ochuluka kuposa matimu ena a MLS, ndipo ambiri ankati ndi yotsatira kulowa. Sinaitanidwe. Inaima kusewera kumapeto kwa 2017, inabwerera ndi dzina lina mu 2022, ndipo mu 2023 inatsekedwa.